Chikwangwani Chachiwiri pa Chambe

Foni ya a Isake inandipeza ndikulimbana ndi makina a fotokope amene anali atameza pepala. A Isake ndi mlonda wa nyumba yogona alendo pamwamba pa phiri la Chambe, ndipo saimba foni chisawawa, chifukwa kuti apeze netiweki amakwera kaye pamwala wina kuseri kwa nyumbayo.

"Mayi Alefa, mng'ono wanu uja wanyamuka," anatero, mawu akudukaduka ndi mphepo. "Ndinapita kotola nkhuni, pobwera ndapeza m'chipinda muli zii. Watsika yekha. Ndiye kuno chiperoni chayamba, paliponse nkhungu yokhayokha."

"Yekha bwanji? Si paja tinapangana kuti adikire womuperekeza masana ano?"

"Nanga ndikanamufunsa bwanji, munthu woti salankhula?"

Ndinawauza kuti asachoke pamwalapo, ndiwaimbiranso.

Sheila ndi mng'ono wanga wa bere limodzi, ndipo mutu wake ndi wouma ngati chitsa cha tiyi. Madokotala ku Blantyre atandipeza ndi chotupa m'bere, anati opaleshoni ichitika Lachiwiri, bola magazi anga asiye kuthamanga. Anandipatsa mankhwala omwa m'mawa ndi masana, n'kundilangiza kuti ndichepetse kupsa mtima, ngati kupsa mtima ndi mchere woti ungachepetse m'ndiwo. Sheila atamva anati iyeyo akwera phiri kukandipempherera, osadya, osalankhula ndi munthu aliyense, mpaka atadzatsika n'kudutsa chikwangwani chomaliza cha m'munsi. Ndinamufunsa ngati Mulungu wa pa Chinakanaka pano ndi wogontha. Munthu woti moyo wake wonse phirili amangoliona ali pawindo la fakitale ya tiyi, anamanga kachikwama n'kukwera Lachinayi. Mafoni obwera anatsekera, WhatsApp anachotsa, mauthenga anati sawerenga. Foni yake anaisiyira ntchito imodzi yokha imene ndinamuphunzitsa ndine, yowerenga zikwangwani za m'njira.

A Lenard, wapampando wa kagulu ka operekeza alendo kuphiri, anali pabenchi m'shopu mwanga momwemo, kudikira mapepala awo amene makina anameza aja. Zonse anamva.

"Musatekeseke, mayi," anatero. "Njira ija ili ndi zikwangwani, foni ali nayo. Bola azingotsatira."

Zikwangwanizo ndi za gulu lawo, zilipo zisanu ndi ziwiri, zachitsulo. Chilichonse chili ndi kabokosi ka timadontho takuda. Ukalozetsapo foni, imakutsegulira tsamba la pa webusaiti ya gululi, lokuuza pamene uli ndi kumene ukhotere, pokwera ndi potsika pomwe. Webusaitiyo anaipanga mzungu wina zaka zapitazo, atabwerera kwawo n'kundisiyira ine, poti ndine ndimadziwako zamakompyuta kuno. Sabata yomweyo tinaika pulogalamu yatsopano yoyendetsera webusaitiyo, chifukwa yakale inali itakalamba, ndipo masamba a mzungu uja anafufutika onse. Ndinalembanso atsopano, a Lenard akundiuza mawu, tsamba lililonse ndi dzina la malo ake: pa Geti, pa Mlatho, mpaka pamwamba. Koma pazitsulo paja panali maadiresi akale, a manambala okhaokha, ndipo chitsulo chokhomedwa kuphiri sungachisinthe uli pampando. Ndiye ndinachita zimene timachita, kulozera adiresi yakale iliyonse ku tsamba lake latsopano. Zili ngati munthu wasamuka n'kusiya mawu kwa aneba kuti wondifuna muzimuuza ndili uku.

Ndinatsegula laputopu, n'kupita pamene pamaonetsa anthu amene atsegula masamba athu. Tsiku limenelo panali foni imodzi yokha, ndipo mtundu wake ndinaudziwa, chifukwa ndinamugulira ndine. Mtima unakhalako pansi.

"Mukunena zoona, akutsatira," ndinatero. "Ndipo wathamanga. Ali kale pa Mlatho."

A Lenard anandiyang'ana. "Pa Mlatho? A Isake angonena kuti wanyamuka posachedwapa. Ali ndi mapiko?"

"Ndikuona pano. Watsegula tsamba la pa Mlatho, ndipo walitsegulanso kawiri konse."

"Walowera nambala yanji?"

"Chachiwiri."

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Chachiwiri si cha pa Mlatho," anatero pang'onopang'ono. "Chachiwiri chili pamwamba, pa Mphambano ya Mikungudza. Zitsulo zija n'zolemera, mayi. Tinazisenza zonse ulendo umodzi mpaka kwa a Isake, tinagona, m'mawa mwake n'kumakhoma potsika kuti katundu azipepuka. Choyamba tinakhoma pakhomo pa a Isake. Mzungu uja masamba ake analemba titakhoma kale."

"Nanga pondiuza ine munayambiranji m'munsi?"

"Kodi phiri munthu amaliyambira kumwamba?"

Ndinafuna kuwagenda ndi sitepula. Ndipo si kuti sindinayese ntchito yangayo ayi. Ndinayesa ndi chithunzi cha chikwangwani chimene chinali mufoni yawo, chinanditengera ku tsamba loyenera, ine n'kudzitama. Koma chinali chachinayi, cha pakati penipeni. Chachinayi ndi chachinayi basi, kaya wayambira kumwamba kaya m'munsi. Zina zonse zinali zitatembenuka.

"Tsamba la pa Mlatho limati chiyani kwa wotsika?" anafunsa, ngakhale mawuwo anandiuza okha.

Ndinawerenga mokweza. "Khoterani kumanzere, tsatirani mtsinje mpaka muone mlatho."

"Mayo."

"Kumanzere kwa Mphambano kuli chiyani, a Lenard?"

"Kuli kanjira ka ocheka matabwa. Nakonso kamatsata mtsinje. Kamakathera pamwala woterera pamene madzi amagwera kuphompho. Kukakhala dzuwa umaona patali. Mu chiperoni umangozindikira phazi lapita."

Mantha amene anandigwira sindingawafotokoze bwino. Mwana wa mayi anga anakwera phiri chifukwa cha bere langa, ndipo tsopano ankayenda mu nkhungu kufunafuna mlatho umene kulibe, akukhulupirira mawu amene ndinalemba ine. N'chifukwa chake ankatsegulanso tsambalo. Ankaima, kuwerenganso, kuona kuti sanalakwitse, n'kupitirira.

Ndinamuimbira. Foni inangoti tu tu tu n'kuduka. Ndinatumiza uthenga, ndikudziwa kuti ukagona mufoni mosawerengedwa. A Lenard anaimbira a Isake, amene mwamwayi anali akadali pamwala paja, n'kuwauza kuti athamangire ku kanjira ka ocheka matabwa. A Isake ndi munthu wamkulu, bondo limodzi limawavuta, ndiye kuthamanga kwake mukudziwa. Kenako anaimbira anzawo awiri a m'munsi mwa phiri kuti ayambe kukwera, koma amenewo zinali zodziwikiratu kuti akafika dzuwa litapendeka.

Ine ndinalowa m'malo olozera maadiresi n'kutembenuza zonse, choyamba kumwamba, chomaliza ku Geti. Nditamaliza ndinapumira m'mwamba, ndipo mpweyawo usanathe ndinazindikira kuti ndagwira ntchito yachabe. Foni ya Sheila inali itafika kale pa tsamba la pa Mlatho, ndipo akatsegulanso inkatsegula lomwelo. Ngakhale akanabwerera ku chikwangwani kukalozetsanso, sizikanathandiza. Polozera pamakhala posankha, kusamuka kwakanthawi kapena kwamuyaya, ndipo ine ndinasankha kwamuyaya, monga amalangizira. Foni ikamva kuti kwamuyaya imasunga m'mutu, sifunsanso kwa aneba, imangolunjika kumene inauzidwa poyamba.

"Mwakonza?" anafunsa a Lenard.

"Ndakonzera alendo a mawa. Wa lero ayi."

Bambo wina analowa ndi envulopu, akuti akufuna zithunzi za pasipoti. Ndinawauza kuti shopu yatsekedwa. Anati chitseko n'chotsegula. Ndinati ndiye mutseke potuluka. Mpaka lero bambo amenewo sandipatsa moni.

Ndinayang'ana tsamba la pa Mlatho lija, ndi chithunzi chake chokongola cha mlatho wamatabwa, ndipo pamenepo m'pamene nzeru inabwera. Ngati munthu sungamubweze panjira, kamudikire kumene akupita. Tsamba lolakwikalo ndilo linali khomo lokhalo limene Sheila ankagogodapo. Ndinafufuta zonse, chithunzi ndi mawu omwe, kuti lipepuke lizitseguka ngakhale netiweki ili ya kachidontho kamodzi. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu:

SHEILA, IMA POMWEPO. NDINE ALEFA. NJIRA IMENEYO NDI YOLAKWIKA, KUTSOGOLO KULI PHOMPHO. KHALA PANSI, USASUNTHE.

M'munsi mwake ndinaika mabatani awiri, lina INDE, lina AYI, kuti akadina ndione. Podziwa mutu wake ndinawonjezera kuti: Kudina si kulankhula.

Ndiye tinadikira. Kudikira kumeneko ndi kumene kunandikalambitsa. Mawu anga akanamufika pokhapokha iye atakayikanso n'kutsegulanso tsambalo, ndipo ine ndinkapempha kuti akayike. Panja minibasi zinkaitanira a ku Limbe, wina ankagulitsa nanazi mokuwa, moyo unkangoyenda ngati palibe chikuchitika. Ndinatuluka pakhonde kukayang'ana phiri. Phiri kunalibe. Kunali chimtambo chotuwa kuyambira m'minda ya tiyi mpaka kumwamba, ndipo kamphepo kake kanali katafika kale mpaka pamsewu.

"Mayi, bwerani," anaitana a Lenard. "Pasintha chinachake apa."

Foni ija inali itatsegulanso tsamba. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Panapita kanthawi popanda kanthu, ine ndikumuona m'maganizo akuwerenga, akukwinya nkhope mmene amachitira akaona kuti ndalowerera zake. Kenako panabwera INDE.

Ndinakhala pansi. A Lenard anavalanso chipewa.

Ndinafufuta mawu aja n'kulemba ena. TSEGULA MAFONI, UNDIIMBIRE TSOPANO. Nthawi ino sanachedwe kutsegulanso, anali atadziwa kuti ndili kuseri kwa tsambalo.

AYI.

"Mwaona? Mwamuona munthu wake?" ndinawauza a Lenard. "Ali pakamwa pa phompho, koma akadali ndi mphamvu zondikanira."

"Musiyeni, bola wakhala pansi. Mufunseni ngati akumva madzi akugwa."

Ndinafunsa. INDE. Ndinafunsa ngati akumveka pafupi. INDE. Ndinafunsa ngati pamene wakhalapo ndi padothi. AYI.

A Lenard anapukusa mutu. "Ndiye kuti ali pamwala woterera paja kale. Asayerekeze kuimirira, ngakhale kubwerera m'mbuyo. Mwala umene uja ukanyowa umaterera ngati sopo, ndipo mu nkhungu sungadziwe kumene watsetserekera. Komanso si kamalo kakang'ono, mayi, ndi chimwala chachikulu, chotambalala. A Isake sangamuone. Ayenera kumumva."

Ndinalemba. A ISAKE AKUBWERA. AKAITANA, UKUWE KUTI AKUPEZE.

AYI.

Apa ndiye magazi anandikwera, ndinamva mutu ukugunda kumbuyoku. Ndinalemba osaganiza, zala zikumenya mabatani ngati ndikumenya iyeyo. IWE SHEILA, UKAFA UKUGANIZA KUTI NDICHIRA? NGATI SUKUWA, LACHIWIRI SINDIPITA KUCHIPATALA. NDALUMBIRA.

Anatsegula. Anawerenga. Sanadine INDE, sanadine AYI.

Ndinadikira, osaona kanthu. Ndinayamba kudziimba mlandu. Mwina wakwiya n'kuika foni m'chikwama. Mwina waimirira kuti andionetse kuti atha kutsika yekha. Mwina batire yatha, poti kuyambira Lachinayi anali asanatchaje. Ndinalira, osabisa, pamaso pa a Lenard ndi pamaso pa makina a fotokope.

"Mayi Alefa," anatero a Lenard mofatsa, "inu ndi mng'ono wanu mukukangana ngati muli pakhonde. Lumbiro lakelo kwa iye ndi mankhwala anu. Mukumuuza kuti awataye atatsala pang'ono kufika nawo. Sataya. Mupatseni njira ina."

"Njira yanji? Munthu wosalankhula mu nkhungu?"

"Ocheka matabwa akasochera saitanana ndi pakamwa, madzi amameza mawu. Amatenga miyala iwiri n'kumaigunditsa. Phokoso la mwala limapita patali kuposa kukuwa."

Ndinafufuta lumbiro langa lija. Manyazi anandigwira polifufuta. Ndinalemba: PEPA. USAKUWE. TENGA MIYALA IWIRI YA PAFUPI, OSAIMIRIRA, UZIIGUNDITSA MWAMPHAMVU OSALEKA. MWALA SI PAKAMWA.

Tinayang'anitsitsa laputopu. A Lenard anayesa kuimbira a Isake, koma anali atalowa m'chigwa mopanda netiweki. Dzuwa linali litafika pamutu, ngakhale silinkaoneka. Kenako mzere umodzi unatulukira. Foni ija inayamba kutsegula tsamba, koma sizinaoneke ngati latseguka lonse kapena ladukira panjira. Sipanabwere INDE. Sipanabwerenso kalikonse, ndipo pambuyo pake foni ya Sheila inasowa pamndandanda wa otsegula masamba athu.

Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndikukumbuka kuti ndinasesa m'shopu mosesedwa kale. Ndinatulutsa pepala limene makina anameza lija, linatuluka lokha mosavuta, ngati likundiseka. A Lenard anatuluka kukasuta, anabwerera fodya asanamuyatse. Ine ndinkangoona m'maganizo nsapato zapulasitiki za Sheila, zimene ndinamuuza kuti si zokwerera phiri, iye n'kundiyankha kuti zinamufikitsa ku fakitale zaka zonsezi.

Foni ya a Lenard italira, ndinailanda m'manja mwawo.

"A Isake?"

Kunamveka kupuma kwa munthu wotopa, ndi mphepo. "Ndamupeza."

"Ali moyo?"

"Ali pano, ndamugwira dzanja. Tatuluka pamwala paja, tili padothi." Anapumanso. "Ndinamudutsa, mayi. Ndinaitana mpaka mawu kutha, osamva kanthu, ndinayamba kubwerera. Ndiye ndikumva kho, kho, kho, kumunsi kwanga. Ndinakwawa chokhala. Pamene anakhalapo, mutati mutambasule mwendo, chala chikanalendewera kuphompho. Iye sankadziwa n'komwe."

"Mpatseni foni."

"Ndamupatsa, wakana. Akungondiyang'ana. M'manja mwake muli magazi okhaokha, miyala ija yamusupula, koma mmene ndimamufika anali asanaleke kugunditsa."

A Isake anamubweza mpaka pa Mphambano, ndipo anzawo a a Lenard aja atafika anamulandira n'kuyamba naye kutsika njira yeniyeni. Ine ndinatseka shopu, ulendo uno zenizeni, n'kukwera njinga yamoto ndi a Lenard mpaka m'munsi mwa phiri. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinali ndi mawu okwana ulaliki wathunthu, oyambira pa nsapato zapulasitiki, kudzera pa kunyamuka osadikira, mpaka pa AYI wachiwiri uja.

Tinadikira pa Geti. Chikwangwani chomaliza chinali pomwepo, chokhomedwa pamtengo, ndipo pakona pake panali nambala yaing'ono yodindidwa pachitsulo, 7. Ndinali nditadutsapo kangapo konse m'mbuyomu, osaiona.

Anatulukira m'mitengo dzuwa litatsala pang'ono kulowa, amuna awiri ndi kamunthu kofunda bulangeti la a Isake pakati pawo. Anali ataonda, milomo itang'ambika, manja onse awiri atakulungidwa ndi nsanza za chitenje chake. Nsapato imodzi inalibe lamba. Anandiona ali patali, koma sanafulumire, sanakweze dzanja. Ndinayamba kumuyandikira, iye n'kupukusa mutu kuti ndiime pomwepo. Ndinaima. Tsiku limenelo ndinaphunzira kumvera.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamtengo paja. Anadutsa chikwangwani, phazi limodzi, kenako linalo, n'kutembenuka kuonetsetsa kuti chatsaladi kumbuyo. Ulaliki wanga wonse unali utathawa. Anandiyang'ana kumaso, anayesa kutsegula pakamwa, mawu anakana. Anameza malovu n'kuyesanso, ndipo mawuwo anatuluka osasa, aang'ono ngati a munthu wodzuka kumene.

"Achemwali, mankhwala a masana aja mwamwa?"

Ndinali ndisanamwe. Anali m'thumba la siketi yanga kuyambira m'mawa. Sheila anatembenukira kwa mmodzi wa amuna aja n'kuloza botolo la madzi ndi dzanja lake lokulungidwalo, ndipo anaima pomwepo kundiyang'anira mpaka nditameza.